Mlamu Wakonza Njinga

"Nenaninso! Ndiyang'aneni m'maso muno, munenenso kuti munagwa nokha!"

Ameneyo anali Khadija, ndipo mawu ake anadutsa khoma ngati palibe. Komanso khoma lanji? Nyumba yomwe tikuchita lendi ku Al Nasr, kuno kudziko la Aarabu, mwini wake anaidula tizipinda ndi matabwa opyapyala kuti atithiremo ambiri. Mnzako akayetsemula, iwe umapukuta nkhope. Ine ndine Sellina, kwathu ndi ku Mulanje, ndimalondera pa sitolo ina yaikulu ku Pearl, ndipo kachipinda kanga kanagundana ndi ka Khadija ndi mwamuna wake, Che Ajibu. Choncho musanditche kazitape. Nkhaniyi inandipeza yokha pabedi panga Lachisanu masana, ndikupumitsa miyendo.

"Tsitsa mawu, mayi a Umi. Anthu akumva," anatero Che Ajibu.

"Amve! Mwendo wanu wadzaza zitsulo ngati geti la pasukulu, bondo lakana kupinda, inu nkhawa yanu ndi yoti anthu akumva?"

"Adokotala anandifunsa, ine ndinayankha. Ndinagwa ndekha panjinga. Zinalembedwa, zatha, khalasi."

"Khalasi wa chiyani? Ine ndinali pafoni ndi achimwene nthawi yomweyo. Amandifunsa ngati ndatereka mpunga, akuseka, akuti ndakhota kale pakona panupa. Kenako phuu! Ndinamva chitsulo chikukwekwereka pa tala. Ndinamva inu mukukuwa. Makutu angawa si obwereka, Che Ajibu."

Tonse m'nyumbamo tinkadziwa, kungoti aliyense anasoka pakamwa. Che Ajibu ankagwira ntchito pa bakala, kagolosale ka mumsewu mwathu, kuperekera anthu madzi, buledi ndi mkaka m'mafulati pa njinga. Amene anawagunda ndi Shaibu, mchimwene wake wa Khadija wa bere limodzi, dalaivala wa banja lina lolemera ku Al Duhail. Tsikulo mabwana ake atagona tulo ta masana, iye anatulutsa galimoto mozemba kuti adzadye mpunga kwa mlongo wake. Anakhota foni ili kukhutu, n'kuwomba mlamu wake kumbuyo. Anamunyamula yekha magazi ali chuchuchu, ndipo njira yonse ya kuchipatala ankalira kuti, "Alamu, mukanena, ine ndatha." Kwa bwana wake anakanama kuti wakhula chipilala cha geti.

"Ndiye ukufuna ndichite chiyani?" Che Ajibu anafunsa. "Ndikamangitse mlamu wanga? Nkhoswe ya ukwati wathu? Munthu amene anandichotsa pa kabaza ku Ntaja n'kundipezera viza? Ukuiwala kuti kwanu ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga pamalo a amayi ako. Umi ndi mng'ono wake akudya m'manja mwa amayi ako, ndipo mwinimbumba wa nonsenu ndi Shaibu. Khoswe wakhala pamkhate, mayi a Umi. Ukamuponya mwala, waswa mkhate."

"Mkhate wake uti? Mkhate ndi mwendo wanuwo, ndipo wasweka kale."

"Anati atithandiza."

"Wathandiza chiyani? Kathumba ka mpunga ndi zipatso za tende? Ana adzadya tende mpaka liti? Inu sukulu munasiyira panjira. Munda wanu ndi miyendo. Ku Ntaja mumapalasa, kuno mumapalasa. Tsopano mukabwerera ndi ndodo ziwirizi, mukapalasa chiyani?"

Apa ndiye ndinalephera kupirira. Ndinavala chitenje n'kukagogoda. Ndinapeza Che Ajibu atakhala pabedi, mwendo uli tasaa pa chidebe chovundikira, nkhope ili pansi. Ndi munthu wofatsa mopweteketsa mtima, wa mtundu uja woti ukamuponda chala amayamba ndi iye kupepesa. Khadija sanandilonjere. Anangondigwira dzanja n'kundikokera panja, kuseri kwa thanki ya madzi.

Anavundukula chinsalu chakale. Pansi pake panali njinga ija. Gudumu lakumbuyo linali litapindika ngati nthochi, masipoko ali mbwee, keriyala itaphwanyika. Pa madigadi panamatirira penti yoyera ya galimoto.

"Ndinaikoka ndekha pamsewu tsiku lomwelo," anatero Khadija. "Sindikudziwa chifukwa chake. Ndikaiona ndimakhulupirira kuti sindinapenge. Asisi, munthu wogwa yekha njinga yake imatere?"

"Imeneyi yagundidwa, ngakhale mwana angaone," ndinatero. "Vundikira. Ndifunse kaye anthu."

Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina, a Dumisani, owerengera ndalama pa kampani ina. Iwowa anandilozera loya wina wachikulire wa ku Sudan amene amamva nkhani za anthu ovulala pamsewu. Tsiku lomwe tonse tinali pa ofu, ine ndi Khadija tinakwera basi. Khadija ankafotokoza m'Chichewa chosakaniza ndi misozi, ine ndikumasulira m'Chingerezi changa chodukaduka.

Loyayo anamvetsera osadula mawu. Titatha anavula magalasi.

"Anthu inu mumandimvetsa chisoni," anatero. "Mukagundidwa, choyamba mumapepesa, chachiwiri mumathawa apolisi. Galimoto imeneyo ili ndi inshuwalansi. Munthu wa panjinga akavulazidwa ndi dalaivala wosasamala, pali njira yoti alipidwe chifukwa cha chilema chake. Koma zonse zimayambira kupolisi, ndipo kupolisi kulibe chilichonse. Kuchipatala kuli mawu a mwamuna wanu oti anagwa yekha."

"Ndiye zatha?" Khadija anafunsa.

"Sindinatero. Zavuta, koma sizinathe. Mwamuna wanu apite yekha akanene zoona ndi pakamwa pake. Inu mukachitire umboni zomwe munamva pafoni. Ndipo njingayo musaikhudze, musaipukute, musachotse ngakhale kafumbi. Pentiyo iyankhula kuposa nonse. Zichitike iye asanatuluke m'dziko muno, chifukwa akakwera ndege nkhaniyi idzakhala yolemera kwambiri."

"Nanga achimwene?"

Loya uja sanabise. "Anatenga galimoto popanda chilolezo, anavulaza munthu, anabisa ngozi. Ntchito ikhoza kutha. Mwina zoposa pamenepo. Ndikanakunamizani ndikanati sakhudzidwa."

Tinakwera basi kubwerera. Titatsala pang'ono kutsika Khadija anangoti, "Asisi, achimwene ndi amene anandilipirira fizi mpaka folomu thu. Bambo atamwalira ankagulitsa makala kuti ine ndivale." Ndinamugwira dzanja.

Sabata yomweyo tsoka linabereka linzake. Mwini bakala anabwera yekha kudzaona wodwala, atanyamula kabotolo ka juwisi. Anayamba bwinobwino, kufunsa za mwendo, kutchula Mulungu kawiri katatu. Kenako anati bizinesi siyingadikire, wapeza kale munthu wina wopalasa, viza aikansela, tikiti yobwerera kumudzi agula ya kumapeto kwa mwezi. Che Ajibu, m'malo molira, anathokoza. Ndinamva ndi makutu anga akuti, "Shukurani, bwana mudiri." Ndinaluma pilo ndi mkwiyo.

Lachisanu lotsatira, atachoka ku mapemphero a Juma, Shaibu anatulukira. Ndi mwamuna wamtali, wovala bwino, kanzu yoyera mbee, fungo la perefyumu ya mabwana ake likutsogola. Khadija anandiitana dala kuti ndikhalepo.

"Mlendoyu akutani pa nkhani ya pabanja?" Shaibu anafunsa akundiyang'ana cham'mbali. "Bongololo sadzolera mafuta pagulu."

"Amene anandiperekeza kwa loya ndi iwowa," anatero Khadija. "Akhala."

"Kwa loya!" Shaibu anaika pansi jumbo ya nkhuku yomwe anabweretsa. "Ndiye n'zoona zomwe ndamva. Khadija, iwe? Mwana amene ndinakubereka kumsana pothawa madzi osefukira? Lero ukundigulitsa kwa Aarabu?"

"Sindikukugulitsani, achimwene. Olipira ndi a inshuwalansi, si inu."

"Nanga wopita kundende ndani? A inshuwalansi? Iwe sukuwadziwa mabwana anga. Akangomva kuti galimoto yawo inagunda munthu ine ndili pa ulendo wakuba, mawa lomwe ndili pa eyapoti, ngati si m'chitokosi. Amayi mankhwala a shuga awagulira ndani? Malata a nyumba ija amaliza ndani? Ana anga anayi, ana ako awiri, onse akuyang'ana dzanja ili. Ukadula dzanja ili, wadula pakhosi pa mbumba yonse."

"Nanga mwendo uwo?"

"Ngozi ndi ngozi. Zinalembedwa ndi Allah. Kodi ndinachita dala?"

"Foni kukhutu analemba ndi Allah?"

"Ndimayankhula ndi ndani pafonipo? Si iwe?"

Mawu amenewo anamulasa Khadija. Anakhala pansi pa simenti. Ine magazi anawira, koma ndinali mlendo, ndinameza.

Shaibu anatembenukira kwa mlamu wake, mawu atafewa. "Alamu, inu ndinu munthu wamkulu. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndalama za Aarabu zidzatha, koma ine ndi inu tidzakumana pamaliro, pa ukwati wa Umi, pa Idi iliyonse. Mukafika kumudzi ndizikutumizirani kangachepe mwezi ndi mwezi, wallahi. Mafi mushkila, palibe vuto."

"Ndamva, alamu," anatero Che Ajibu akuyang'ana chidebe.

"Kangachepe kangati?" Khadija anadzutsa mutu. "Mpaka liti? Kontrakiti yanu ikatha? Mukakwatira wachitatu? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene, wa pachala ndi wa mphepo."

Shaibu anapisa m'thumba. Anatulutsa foni, kudinadina, n'kuiika pabedi. Pa sikirini panaoneka mayi wokalamba atafunda mpango, kumbuyo kwake ana awiri akusuzumira. Anali atakonzeratu, munthu woipa!

"Khadija," anatero mayiwo, "ndamva zoti ukufuna kumangitsa mlongo wako."

"Amayi, mwamuna wanga walumala."

"Mwamuna ndi wobwera, mwanangu. Lero alipo, mawa wapita kwawo. Iwe ndi Shaibu munatuluka m'mimba imodzi. Ukachita zimenezo, usadzaponde pakhomo pano. Ndikafa usadzandisambitse. Ana akowa udzatume munthu adzawatenge, ine sindingalere ana a munthu wodya m'bale wake."

Kamwana kaja, Umi, kanakankha nkhope pafupi n'kufunsa, "Ababa, mwendo wapola? Mubwera ndi njinga?" Che Ajibu anatembenukira kukhoma. Mapewa awo ankagwedezeka.

Shaibu atapita, Khadija anagwada pafupi ndi bedi. Sanakuwenso. Anayankhula motsitsa, koma matabwa aja sabisa kanthu.

"Che Ajibu, amayi ndi anga, ndidzalimbana nawo ndekha. Inu mungonena zoona basi. Ndapempha ofu Lamlungu, tikwere takisi tipite kupolisi. Zengerezu analinda kwaukwau. Tikiti ija sikudikira. Ndipo njinga ija loya wati tisaikhudze, mwamva? Ndiyo mboni yathu yosaopa munthu."

"Ndamva."

"Mwamva kapena mwavomera?"

"Ndati ndamva, mayi a Umi. Ndisiye ndipume."

Lamlungu linafika, Che Ajibu anati mwendo ukuwawa kwambiri, tidikire. Linafika tsiku lina, anati mutu. Khadija ankachoka m'mawa kupita kokonza zipinda ku hotela, kubwera madzulo mapazi atatupa, n'kuyambanso kupempha. Anaonda ndikumuona. Chakudya ankangochitosatosa. Tsiku lina ndinamupeza kubafa atatsamira khoma, madzi akungotayika, akulira mosatulutsa mawu. Kunena zoona, ine ndinayamba kudana nawo Che Ajibu, ngakhale ndinkawamvera chisoni. Ulemu wina ndi matenda.

Ndiye Lachitatu lina ndikuchokera kuntchito ndinamva mfuu kuseri kwa thanki. Ndinathamanga. Khadija anali ataima, chinsalu chija chili m'manja. Pansi panali mbee, kungotsala kadontho ka oyilo.

Analowa m'chipinda ngati mphepo, ine pambuyo.

"Njinga ili kuti?"

Che Ajibu anayankha motsitsa. "Alamu anabwera masana."

"Ndiye?"

"Anati akufuna akaikonzetse. Anati kwathu munthu ukaphwanya njinga ya mnzako umaikonza, kenako umabwera ndi akuluakulu kudzapepesa. Anati sangagone tulo njinga yanga ili chiphwanyikire."

"Inu n'kuwapatsa?"

"Ndikanakana bwanji? Munthu wabwera kudzakonza chomwe anawononga, wagwira mwendo, ine ndimuuze kuti ayi, isiyeni ndikufuna ndikakumangitseni nayo? Pakamwa panga pangatuluke zimenezo kwa nkhoswe?"

"Ndinakuuzani! Ndinagwada apa n'kukuuzani!"

"Unandiuza."

Khadija anadzimenya pachifuwa kawiri, n'kukhala pansi mwa phii. "Mwatipha, Che Ajibu. Mwapha Umi, mwapha ine, mwadzipha nokha. Mwaphika mboni yathu n'kuipereka ndi manja awiri."

Kaya Shaibu anamva kwa wina zomwe ananena loya, kaya anangotsata mwambo ndi mtima woyera, ine sindikudziwa, ndipo sindifuna kumusenzetsa tchimo lomwe sindinaone. Koma nthawi yomwe anasankha kubwera, Khadija ali kuntchito, inandiuza zambiri. Ndinaimbira loya uja. Anapuma mozama n'kunena kuti tsopano chatsala ndi pakamwa pa mwini mwendo basi, ndipo ngakhale apo sangalonjeze kanthu.

Lachisanu lomaliza ndege isananyamuke, Shaibu anabwera ndi Che Swaleh, bambo wachikulire wa ku Mangochi amene Amalawi achisilamu kuno amamuitana pakakhala maliro kapena mkangano. Anabweranso amuna ena angapo ochokera ku Juma. Chipinda chinachepa, choncho anayala mkeka pabwalo, mumthunzi wa khoma. Kunkatentha koopsa, mpweya uli ngati wa m'uvuni. Ife a m'nyumbamo tinaima m'makomo. Che Ajibu anatuluka ndi ndodo zawo, anawakhazika pampando wapulasitiki.

Kenako Shaibu anapita kugeti n'kulowa akukankha njinga.

Abale inu, njinga imeneyo! Gudumu latsopano, masipoko akuwala, keriyala yatsopano, madigadi opentedwa bii. Anaikanso belu ndi kagalasi koonera kumbuyo, zomwe kale kunalibe. Amuna aja anang'ung'udza mokondwa. Wina anati, "Mashallah, yaposa yakale."

Che Swaleh anakonza kukhosi. "Abale anga, tili kutali ndi kwathu. Kuno tilibe mfumu, tilibe bwalo, koma mwambo tinabwera nawo m'mitima. Pakati pa ana athu awiriwa panagwa kangozi. Sitikufuna kukumba kuti kanagwa bwanji, madzi akatayika saoleka. Chomwe taona n'chakuti Che Shaibu sanathawe. Anathamangira kuchipatala ndi mlamu wawo, akhala akuwayendera, lero akonza njinga ndipo abwera kudzagwira mwendo pamaso pathu. Kwathu zikatere mlandu watha. Che Ajibu, landirani njinga yanu, mugwirane chanza, mupite kumudzi ndi mtima woyera."

Shaibu anagwada bondo limodzi, misozi ili m'maso, ndipo ndikhulupirira kuti inali yeniyeni. "Alamu, pepani. Ndikhululukireni chifukwa cha Allah."

Che Ajibu anayamba kutambasula dzanja.

"Dikirani."

Khadija anatuluka pakhomo pomwe anaima. Analibe ukali pankhope, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa. Anagwada mwaulemu patsogolo pa Che Swaleh.

"Bambo, ndine mkazi, sindiyenera kuyankhula pano, koma ndiloleni kamodzi. Mwati achimwene akonza chomwe anawononga?"

"Ndi izi ukuziona, mwanangu."

"Kwathu munthu akakonzetsa njinga, mwini wake amaiyesa asanalandire. Si choncho? Amakwera, azungulire, aone ngati ili bwino."

"Ndi choncho, koma..."

"Ndiye akwere." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Kwerani, Che Ajibu. Achimwene akonza. Kwerani tione."

"Khadija, usachite chipongwe pamaso pa akulu," Shaibu anadzuma.

"Chipongwe chili pati? Mlandu watha, zonse zakonzedwa. Mwini njinga akwere, anthu aombe m'manja, ine ndikatenge tiyi. Kwerani, bambo a Umi. Mwana wanu akudikira kuti mubwera ndi njinga. Ku Ntaja makasitomala akudikira pa siteji. Yalla, kwerani!"

Makina oziziritsa ankalira m'mawindo. Ine ndimayembekeza kuti Che Ajibu aweramitsa mutu monga mwa masiku onse. Koma anayang'ana njinga ija nthawi yaitali. Munthu uyu wakhala pachishalo kuyambira ali mnyamata, ndipo ndikuganiza kuti mumtima mwake ankakhulupirirabe kuti akangogwira mahandulo, mwendo ukumbukira. Anadzuka. Anapatsa Che Swaleh ndodo zake.

"Alamu, musatero," anatero Shaibu.

Sanamumvere. Anadumphira ndi mwendo umodzi mpaka anagwira mahandulo. Anaweramitsa njinga, n'kukoka mwendo wovulala uja ndi manja ake kuti udutse. Thukuta linali kamukamu. Anakhala pachishalo, anaika phazi pa pedulo, n'kukankha ndi mwendo wabwino. Njinga inayenda pang'ono. Pedulo inakwera, ikufuna bondo lipinde. Bondo linakana.

Anagwa chammbali pa simenti yotentha, njinga pamwamba pake, belu latsopano lija likulira ngiri ngiri. Kukuwa komwe anakuwa sindidzakuiwala. Amuna aja anathamanga, Shaibu patsogolo, kuchotsa njinga, kufuna kumudzutsa.

"Ndisiyeni!"

Sindinawamvepo Che Ajibu akukweza mawu chibwerereni m'nyumba imeneyi. Onse anabwerera m'mbuyo. Anatsamira chigongono, akupuma mwa wefuwefu, fumbi lili kutsaya, n'kuyang'ana mlamu wake m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Che Swaleh, mwaona? Nonse mwaona?"

"Taona, mwanangu."

"Uku ndiye kugwa ndekha. Mukafunsidwa mukanene kuti lero Ajibu anagwa yekha." Anameza mpweya. "Koma tsiku lija sindinagwe ndekha, alamu. Munandigunda. Munali pafoni, munandigunda, ndipo ine ndinanama kuti ndikuphimbeni. Njinga mwakonza, zikomo. Uwu ndani akonze?"

Anamenya mwendo uja ndi chikhatho.  Che Swaleh anayang'ana ndodo zomwe zinali m'manja mwawo, kenako anayang'ana pansi.

"Mukudziwa zomwe mukuchita?" Shaibu ananong'ona. "Kumudzi mukafikira kuti? Nyumba ija ili pamalo a ndani?"

"Ndikudziwa. Ndikafikira kwa mlongo wanga ku Nselema, ngati andilandire."

"Khadija, amayi anena kale. Ulibenso mayi."

Khadija anali atagwada kale pafupi ndi mwamuna wake, akumupukuta fumbi ndi mpango wake. Misozi inkagwera pa malaya a Che Ajibu. Sanayang'ane mchimwene wake.

"Ndamva, achimwene," anatero. "Asisi Sellina, tiitanireni takisi, tikupita kupolisi."

Ndinatulutsa foni n'kuitana takisi. Panalibe njinga yopindika, panalibe penti yoyera, tikiti inali ya Lachiwiri, ndipo loya anali atanena kale kuti salonjeza kanthu. Tonse tinkadziwa zimenezo. Takisi itafika, Che Swaleh anadzuka okha, anapereka ndodo zija kwa mwini wake, n'kumugwira kukhwapa mpaka kugeti. Atamukhazika, anaima pang'ono akusisita ndevu, kenako anatsegula chitseko chakutsogolo n'kulowa nawonso.

Shaibu anatsala pakati pa bwalo atagwira njinga yake yonyezimira. Anayang'ana uku ndi uku, kusowa woipatsa. Pomaliza anandiyang'ana ine.

"Ndiiike pati?"

"Kwerani nokha, bambo," ndinatero. "Inu miyendo muli nayo."